Tsiku Limene Nangondo Anatseka Njira ya Kudziwe

Ndisanayambe ndilumbire kaye, chifukwa ndikudziwa kuti pali ena pano amene amati pakamwa panga pamafuka utsi popanda moto. Pali manda a atate anga ali kuseri kwa nsungwi uko, pali mano anga anayi atsalawa, mawu onse amene mumve lero ndi oona kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ndikanama ngakhale liwu limodzi, mphenzi ing'ambe thalauza ndavalali, ndipo nonse mukudziwa kuti ndilibe lina. Tsono khalani pansi, ana inu, wotsokomola atsokomoleretu.

Kale, owotcha makala asanalimete mpala phiri la Kanyerere, phirilo linali lakuda bii ndi mitengo. Masuku, mikuyu, miwanga, mombo, zonse zinali momwemo, moti ukalowa masana unkayenda ngati uli m'nyumba yofoleredwa bwino. Chaka chake musandifunse, makalendala anali asanabwere. Pamwamba pa phirilo panali matanthwe akuluakulu, ndipo pa matanthwepo pankakhala mbira. Sindikunena timbira iti mumaweta kukhitchini iti, todya makoko a mbatata. Ndikunena mbira za m'miyala, zonenepa, zokhala ndi midzi yawo, ankhoswe awo ndi miyambo yawo.

Masiku amenewo zilombo zinkadya mwaukhondo woopsa. Kwa izo, kusiya makombo chinali chinthu chochititsa manyazi kuposa kuyenda wamaliseche. Nyalugwe akagwira mbira ankadya zonse, ubweya ndi zikhadabo zomwe, kenako n'kunyambita mwala, n'kusesa pamalopo ndi mchira. Enanso ankachita chimodzimodzi. Ukadutsa pamene padyedwa mnzako, umangoona poyera ngati pabwalo la mkazi wakhama.

Mwina mukuti zinali zabwino. Sizinali zabwino ayi, chifukwa amuna a mbira anali ndi matenda awo a kutchona. Kutsidya kwa chigwa kunali phiri lina kumene ankati masuku sakutha ndipo akazi ake sakweza mawu. Mwamuna akatopa ndi banja ankangotsika mwakachetechete, osatsanzika, n'kukakhazikika kumeneko mpaka imvi. Ndiye mwamuna akasowa, njira zinali ziwiri: kapena ali m'mimba mwa chilombo, kapena ali kuphiri lakutsidya akudyetsedwa masuku. Ndipo mwambo unali wouma ngati fupa. Popanda mtembo panalibe maliro, popanda maliro panalibe kumeta, ndipo mkazi wosameta sankasudzulidwa. Ankangokhala pakati, wamasiye ayi, wapabanja ayi.

Pa thanthwe lachitatu kuchokera pamwamba pankakhala mayi wina dzina lake Nangondo. Anali wakhama, wa manja ofulumira ndi lilime lofulumira kuposa manjawo. Mwamuna wake, mkamwini wa pa thanthwepo, anali Kathumba, munthu wofatsa, wa khutu limodzi long'ambika. Ntchito imene Kathumba ankaidziwa bwino inali yoothera dzuwa. M'mawa ankaothetsa mimba, masana msana, ndipo ngati dzuwa likanakhala lolima, bwenzi nkhokwe yake itaphulika.

Chilimwe china kunauma kwambiri, masamba apafupi onse anatha. M'mawa wina Nangondo anatuluka m'phanga n'kupeza mwamuna wake ali gone pamalo ake a masiku onse.

"Inu, dzuwa mukuotherali, kodi tidya lomweli?"

"Taleka, mkazi wanga, ndikuganiza."

"Chaka chachitatu chino mukuganiza. Amuna anzanu atsika kalekale, ena abwerako kawiri. Mkamwini wanji wolemera ngati mphero?"

"Dzuwa likakwera pang'ono nditsika."

"Tsikani pompano. Ndipo ngati mukabwere chimanjamanja, musabwere n'komwe."

Kathumba anadzuka, nasasa fumbi pamimba. Anamuyang'ana mkazi wake kamodzi. Anatsika pang'onopang'ono mpaka analowa m'mitengo. Pa thanthwe mawu sabisika, choncho mudzi wonse unamva zimene Nangondo ananena. Ndipo mudzi wonse unaonanso kuti dzuwa linalowa, linatuluka, linalowanso, Kathumba osaoneka.

Patapita sabata, Nangondo anapita kwa a Gwedeza, atsibweni ake a Kathumba, amenenso anali ankhoswe a banjalo. Anagwada chapatali monga mwa ulemu, nawauza kuti mwamuna wake wafa ndipo akufuna kulira maliro.

"Pepani apongozi," anatero a Gwedeza akukanda ndevu. "Mtembo uli kuti?"

"Palibe."

"Nanga m'manda tikaikamo chiyani? Mawu anu aja?"

Nachanza, mlongo wake wa Kathumba, anali pomwepo akutola nthata m'ubweya wa mwana wake. Sanadzutse n'komwe mutu. "Achimwene ali moyo, alamu. Ali kutsidya uko, akusamalidwa ndi mkazi wodziwa kuyankhula ndi mwamuna. Munati asabwere, ndiye sanabwere. Anali omvera achimwene anga, mpaka pamapeto."

Nangondo anabwerera kwawo wopanda mawu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chibadwire.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso, inathanso, mpaka katatu. Ubweya wa pamutu pa Nangondo unakula mpaka kuphimba maso, chifukwa iye anakana kuudula asanadziwe. M'mawa uliwonse ankapita pamene Kathumba ankagona paja. Mwalawo unali wosalala, wolowa pang'ono ngati mbale, ndipo dzuwa likauwomba unkafunda ngati pangochoka munthu. Masiku ena ankalakalaka atamva kuti bamboyo ali moyo, kuti akamutukwane pamaso pa mkazi watsopanoyo. Masiku ena ankalakalaka atamva kuti anafa, kuti alire momasuka ngati akazi anzake. Akaganiza choyambacho ankapsa mtima, akaganiza chachiwiricho ankachita manyazi. Anatuma mawu kuphiri lakutsidya kudzera mwa anyani, koma anyani mukuwadziwa: wina anati anamuona ali ndi akazi awiri, wina anati atatu, wina anati sanamuone koma anamva kuti wanenepa.

Chilimwe chachitatu chinaposa zinzake. Akasupe onse a m'phirimo anaphwa, kunangotsala dziwe limodzi kumunsi, ndipo njira yopita kumeneko inali imodzi yokha, yodutsa pampata wa miyala iwiri italiitali. Chilombo chilichonse chinkadutsa pamenepo dzuwa likayamba kuwawa.

Tsono mwambo uja mumauona lero, woyala masamba aawisi pamsewu kukagwa maliro, anthu n'kumatsika panjinga ndi kuvula zipewa, si wa dzulo. Unalipo kuyambira kale, ndipo nyama zinkausunga kuposa ife. Masamba akayalidwa, palibe ankawalumpha asanakhale pansi, kupepesa namfedwa ndi kupatsidwa njira. Pamasamba sipankaphedwa kanthu. Koma mwambowo unali ndi mchira wake: woyala masamba popanda maliro, malirowo ankakhala iye mwini, kuti masambawo asapite pachabe.

A Gwedeza anamupeza Nangondo akuthyola nthambi za msuku, ndipo anazindikira msanga.

"Apongozi, mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ndikudziwa."

"Akakufunsani mtembo mukaloza chiyani? Khalani pansi, mayi. Kusadziwa sikupha munthu."

"Kukanakhala kuti kumapha, bwenzi mutandiika kale, ine n'kupumula," anatero Nangondo. Anasenza nthambi zake n'kutsika.

Anafika pampata paja dzuwa litangoyamba kuluma. Anayala masamba kuchokera mwala uwu kufika mwala uwo, nakhala pambali, miyendo tambasu, mutu woweramitsa.

Woyamba kufika anali Nyalugwe, lilime lili panja ndi ludzu. Ataona masamba anaima, nabweza phazi limene anali atalitukula kale, n'kukhala pansi. Pambuyo pake panabwera Nsato, imene inatenga nthawi yaitali kuti ifike yonse, mutu unakhala pansi mchira ukadali m'njira. Kenako Fisi, akutsimphina monga mwa masiku onse. Womaliza anali Chiwombankhanga. Iyeyo akanatha kungouluka pamwamba pa masambawo, koma anali munthu wosunga mwambo, ndipo ankafuna kuti aliyense azidziwa zimenezo. Anatera, napinda mapiko mwaulemu.

"Pepani mayi," anayamba Nyalugwe ndi mawu apansi. "Zagwa liti?"

"Zaka zitatu zapitazo."

Nyalugwe anayang'ana Nsato, Nsato inayang'ana Fisi.

"Watisiya ndani?"

"Ndimati mundiuze ndinu."

Fisi, amene maliro ankawakonda kuposa ukwati, anasendera pafupi. "Kodi adzukulu okumba manda apezeka kale, mayi? Ine ndilipo, sindivuta. Mungondilozera pamene pagona malemuwo, ndikawaone nkhope komaliza."

"Mtembo palibe," anatero Nangondo.

Fisi anameza malovu, ndipo phokoso lake linamveka mpaka pamwamba pa phiri, pamene mbira zonse zinali zitasuzumira m'mphepete mwa matanthwe.

"Achimwene a Nyalugwe, inu mumadziwa malamulo," anatero Fisi. "Masamba opanda maliro. Ine sindikunena kanthu, ndikungokumbutsa."

"Khala chete, iwe," anatero Nyalugwe. Anamuyang'ana Nangondo nthawi yaitali. "Mayi, mwatiyimitsa ndi ludzu, ndipo mwambo mukuudziwa. Komabe simukuoneka wamisala. Mukuona mthunzi wa mwala uwu? Ukakhudza masamba anuwa maliro asanapezeke, ine sindidzathanso kumuletsa mnzangayu. Yankhulani."

Nangondo anayankhula. Anafotokoza za mwamuna wake, tsiku limene anatsika, njira imene analowera. Sanabise ngakhale mawu amene anamuuza potsanzikana. Anati ngati mmodzi wa iwo anamudya, anene, iye sadzasunga chakukhosi, pakuti njala ndi njala. Chimene ankafuna n'kudziwa basi.

"Anali wooneka bwanji?" anafunsa Nyalugwe.

"Wonenepa bwino, wofatsa, khutu lakumanzere long'ambika."

"Mayi, sindikufuna kukunyozani pamaliro, koma inu a mbira mumakoma mofanana. Ine ndikamadya sindifunsa dzina kapena mfunda."

Nsato inayasamula kaye, chifukwa inkayankhula mochedwa ngati mmene inkayendera. "Ine ndimayambira kumutu. Khutu long'ambika ndikanalimva pakhosi. Chaka chimenecho ndinameza mbira ziwiri zokha, ndipo zonse makutu ake anali athunthu."

"Ine musandiyang'ane," anatero Fisi. "Chimene ndinadya dzulo lomweli sindikuchikumbuka. Mwina ndi iyeyo, mwina ndi nkhwangwa ya munthu. Koma taonani mthunzi, anzanga, ukuyenda bwino."

Mthunzi unalidi ukuyenda. Unali utatsala chikhatho chimodzi kuti ukhudze tsamba loyamba. Nangondo anaganiza kuti mwina Nachanza ankanena zoona, mwina bamboyo pa nthawi yomweyo anali gone pa thanthwe lakutsidya, mimba kudzuwa, osadziwa n'komwe kuti mkazi wake wakale akufera pampata. Anakankha ubweya umene unkamuphimba maso kuti aone bwino amene amudye, ndipo m'pamene anazindikira chinthu. Onse ankamuyang'ana iye, kupatula Chiwombankhanga. Mkuluyo anali kalikiliki kupalasa pansi ndi chikhadabo, ngati wataya singano.

"A Chiwombankhanga, inu simunayankhe."

"Ine, mayi, ndimagwira zambiri. Ndiponso kuchokera kumwamba makutu saoneka."

"Ndinaiwala chinthu chimodzi," anatero Nangondo, maso ali pa iye. "Bambo akunyumba ankadana ndi utitiri. M'mawa uliwonse ankadzipaka masamba a mpungabwi thupi lonse, mpaka ine ndinkagona chakukhomo chifukwa cha fungo."

Chiwombankhanga anayetsemula. Anayetsemulanso kachiwiri, nthenga za pakhosi zili njenjenje.

"Mkulu, mwatani?" anafunsa Nyalugwe.

"Fumbi."

"Fumbi lake liti? Nenani, tonse tili ndi ludzu pano."

Chiwombankhanga anaweramitsa mutu. "Ndinena, koma musandiseke. Chibadwire ine sindinasiyepo makombo. Mayi anga anandilera bwino. Koma mbira imeneyo, abale anga, chikopa chake chinali chowawa ngati ndulu. Ndinayesa kumeza, chinabwerera. Ndinayesanso, misozi inatuluka. Ndiye ndinangochisenda, n'kudya zam'kati, chikopacho n'kuchibisa mumng'alu wa mwala kuti wina asadziwe. Zaka zitatu ndakhala ndikulambalala malo amenewo."

Fisi anayamba kuseka, ndipo ena amati kuseka kwake kuja anayambira pomwepo, koma zimenezo ine sindinazitsimikize, ndiye sindingalumbirire.

"Kachitengeni," anatero Nyalugwe. "Mthunzi udikira."

Ndipo mthunzi unadikiradi, ana inu, chifukwa masiku amenewo Nyalugwe akalamula ngakhale dzuwa linkamvera.

Chiwombankhanga anauluka, ndipo posakhalitsa anabwera ndi chinthu chouma gwa, nachiika patsogolo pa Nangondo. Chinali chikopa chotembenuzika, kunja kuli m'kati, ngati jekete limene munthu wavula mothamanga. Mutu ndi timapazi zinali zikadali pomwepo. Nangondo anachigwira, nayamba kuchitembenuza pang'onopang'ono kuti chisathyoke. Ubweya unatuluka, kafungo ka mpungabwi kakadali momwemo. Kenako linatuluka khutu lakumanzere, long'ambika.

Sanalire msanga. Anachisalaza chikopacho ndi dzanja, kuchotsa timchenga.

"Munamugwirira kuti?"

"Mumkuyu waukulu wa kumtsinje."

"Ananena kanthu?"

Chiwombankhanga anapalasanso pansi. "Anzake ndikawanyamula amakuwa, amapempha, ena amatukwana. Iyeyu ayi. Anali atakumbatira kanthambi ka nkhuyu zakupsa, ndipo sanakataye. Tili m'mwamba anati, 'Achimwene, zanu ndi zanu, sindikukanizani. Koma nkhuyuzi mukaponye pa thanthwe lachitatu. Mayi akunyumba akalipa chifukwa cha njala, si mtima wawo.' Ndinaponya, mayi, sindikunama. Kungoti kuchokera kumwamba matanthwe onse ndi ofanana."

Nangondo anachinyamula chikopa chija n'kuchiyang'ana kumaso.

"Inu a Kathumba, mpaka kumtsinje? Mkuyu wapafupi uja simunauone? Zaka zonse zija muli gone, tsiku limodzi lokha loti mulimbikire, n'kulimbikira mopitirira chonchi?"

Atatero m'pamene analira. Analira maliro a zaka zitatu nthawi imodzi, mpaka mbira za pamwamba zinayamba kutsika imodziimodzi, a Gwedeza patsogolo. Zilombo zinakhala pomwepo mitu ili pansi. Ngakhale Fisi anayesetsa kuoneka wachisoni, ngakhale chisoni chakecho chinali cha nkhomaliro imene inamupulumuka.

Kulira kutachepa, Nyalugwe anakonza pakhosi. "Mayi, maliro apezeka, masamba anu ndi oona. Pepani kwambiri. Tsopano tipatseni njira, kukhosi kwauma."

Koma Nangondo anali atazindikira kuti tsopano iye ndi namfedwa weniweni, ndipo masamba sachotsedwa namfedwa asanalole. Anapukuta m'maso.

"Njira ndikupatsani, koma mumve kaye. Kumtunda uku kuli akazi asanu ndi mmodzi onga ine. Sakudziwa ngati alire kapena atukwane. Ine ndapulumukira mpungabwi, nanga iwo? Kuyambira lero, mukadya muzisiya kanthu."

"Makombo?" anatero Nyalugwe, ndevu zitaima. "Mayi, ife si ana. Tinaleredwa."

"Munthu wapaulendo njala ikamupweteka, amalowa m'munda mwa mwini, n'kuzula chinangwa, n'kudyera pomwepo. Koma makoko amawasiya poonekera, kuti mwini munda akabwera adziwe kuti inali njala, sikunali kuba. Wodya n'kusesa pamalo ndi ndani? Si mfiti imeneyo?"

Mawu akuti mfiti anawalasa onse. Nsato inadzipinda kawiri. Nyalugwe anayang'ana kudziwe, kumene madzi ankanyezimira chapatali, nayang'ana masamba, nayang'ananso kudziwe.

"Chabwino," anatero. "Kunena zoona, chifu cha mbira sindinachikondepo, mumadzaza masamba owawa. Ndinkangodya poopa manyazi. Ndizichisiya pambali. Ubweyanso ndizisosola, umandikola m'mano. Koma chinthu chimodzi: makombo anga asafanane ndi a uyu." Analoza Fisi ndi mchira. "Sindifuna kuti wina adzaone uve wake n'kumati wadya apa ndi Nyalugwe."

Pamenepo mkangano unabuka, chifukwa palibe ankafuna kusenza mbiri ya mnzake. Chiwombankhanga, amene manyazi anali atamuchoka poona kuti kulephera kwake kwasanduka lamulo, anati kusenda chikopa motembenuza ndi luso lake, wina asayerekeze kubera. Nyalugwe anati iye alibe nazo ntchito zosenda, ndipo nyama ikamutsalira azikaipachika pamphanda ya mtengo, kumene agalu a anthu ena safika. Fisi anafunsa kuti agalu a anthu ena ndi ndani, koma palibe anamuyankha.

Nsato inadikira onse atope. "Ine manja ndilibe, mano otafunira ndilibe. Ndisiya chiyani? Bokosi ndine, manda ndine. Chimene ndingachite n'chakuti ndikameza sindipita kutali. Muzitsata mkwekwe wanga pafumbi, muzindipeza ndili gone, mimba ili tuu. Mukhoza kulira pambali panga masiku atatu, sindikusokonezani."

"Nanga inu a Fisi?" anafunsa Nangondo.

"Ine ndizisiya mwendo wathunthu, mayi. Miyendo iwiri kumene. Ndine munthu wachifundo."

"Bodza," anatero Nyalugwe. "Uyu amadya ndi mbale yomwe."

Anakangana mpaka Fisi anavomera kuti pa tsiku lakudya sangakwanitse kusiya kanthu, mtima wake sulola. Koma analonjeza kuti mawa lake azisiya chizindikiro panjira, choyera kuti mbuu chifukwa cha mafupa, choti ngakhale wakhungu achione. Chizindikiro chake ndi chiti, musandifunse pamaso pa akuluakulu. Amene munapondapo mukudziwa.

Atamvana, Nangondo anachotsa nthambi imodzi pakati, zilombo n'kudutsa mwaulemu, chimodzichimodzi. Zitangopitirira mpata zinathamanga ngati ana otuluka m'kalasi.

Kathumba anaikidwa mawa lake mumng'alu wa pafupi ndi pamene ankaothera dzuwa. Amene analira kwambiri anali Nachanza, mpaka kugubuduka pansi, ndipo amene anamudzutsa n'kumupukuta fumbi anali Nangondo. Tsiku lometa, ubweya wa pamutu pa Nangondo unadzaza lichero. A Gwedeza anaimirira pamaso pa onse nati, "Apongozi, mwana wathu munamusunga ali moyo, mwamusunganso atafa. Takumasulani." Akuti panabwera amuna angapo odzafunsira, chifukwa mbiri yake inafika mpaka kuphiri lakutsidya. Iye ankangowafunsa ngati amakonda kuothera dzuwa. Akati ayi, poganiza kuti ndiye yankho labwino, ankawauza kuti apite bwino.

Ndi chifukwa chake lero chilombo chilichonse chikadya chimasiya dzina lake pamalopo. Ukapeza chikopa cha mbira chotembenuzika, mutu ndi mapazi zili pomwepo, usavutike n'kuyang'ana pansi, yang'ana kumwamba, wadya ndi Chiwombankhanga. Ukapeza ubweya wososoledwa uli mbwee, chifu chili pachokha pambali, bwerera chafutambuyo mwaulemu, ndipo usaime pansi pa mtengo wa mphanda. Nsato imasungabe pangano lake, imagona pafupi ngati manda oyenda. Fisi naye sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo m'moyo wake wonse lonjezo limene anasunga ndi lokhalo.

Ife tikukula, popita kukadyetsa mbuzi m'mphepete mwa Kanyerere, tinkawerenga zimenezi ngati nyuzipepala. Akuluakulu ankatola kaubweya, n'kukanunkhiza, n'kukuuza amene wadya, tsiku limene anadya, ndi kumene walowera. Ine kusukulu sindinapite patali, koma pa phunziro limeneli palibe mphunzitsi akanandikwapula. Lero phiri lili mbee, miyala akuiphwanya kukhala kwale, ndipo mukapeza nthenga kuseri kwa khola mumangoti ndi galu wa aneba. Nyalugwe womaliza ndinamumva kutsokomola ndisanakwatire. Koma mbira zochepa zikadalipo pamwamba penipeni, ndipo mukakwera m'mawa mudzaziona zili ndanda pa matanthwe, zikuyang'ana kumunsi ndi kumwamba. Zikapeza makombo a mnzawo zimazungulira, zimanunkhiza, zimadziwa, kenako zimabwerera kwawo.

Yathera pomwepa, ndipo thalauza langa mukuliona, likadali lathunthu. Kungoti za nkhuyu zija, ndi mawu amene Kathumba ananena ali m'mwamba, ndaikamo ndine. Amene anandiuza nkhaniyi anati Chiwombankhanga anangobweretsa chikopa basi. Koma ine sindikanatha kumubweza mayi uja kumtunda ndi chikopa chokhachokha. Tapitani mukatsekule mbuzi, zalira kokwanira.